Kuwonda kwa mayi a kunyumba

Ine ndinakwatira ku Nkhulambe, kwawo kwa mkazi, monga mwa mwambo wathu. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi linali lawo. Mkamwini saiwala zimenezi ngakhale atamera imvi. Akaiwala, omukumbutsa alipo.

Unyamata wanga unathera m'minda ya tiyi ku Mulanje, poyamba kuthyola masamba, kenako ukapitawo. Ndinapuma ntchito zipani zambiri zitangoyamba kumene, n'kubwerera kumudzi kukagwira khasu. Tinkalima chimanga, chinangwa ndi nandolo. Pakhomo tinalipo ine, mayi a kunyumba, mwana wathu wamkazi amene banja lake linatha, ndi ana ake. Ndalama inkabwera nandolo akauma, ogula a pa Migowi akafika ndi masikelo awo. Ikatha imeneyo, yatha. Kwacha nayo inali itayamba kupepuka. Chimene wagula lero, mwezi wamawa unkangochiyang'ana.

Komabe pakhomo panga pankadyedwa mwaulemu. Ufa unali woyera, wa chimanga chokonola, choviika, choyanika pamphasa. Ndiwo zinkaona mafuta, ngakhale a m'timapepala tija ta pamsika. Tiyi wa m'mawa mayi ankamuthira shuga mosaumira, wina n'kutsalira pansi pa kapu. Anali onenepa, ndipo ine ndinkanyadira. Akamapita kutchalitchi, amayi anzawo ankati, “Awa ndiye akusungidwa.” Ulemu umenewo unali wanga. Kwathu kuno thupi la mkazi ndi umboni wa mwamuna.

Matenda anawalowa mayi mwakachetechete. Ludzu losatha. Kupita kuseri pafupipafupi. Maso anachita nkhungu moti ulusi sunkalowanso pasingano. Kenako chitsa cha nandolo chinawabaya kuphazi ali kumunda. Linali bala laling'ono, la mtundu umene mlimi sauwerengera. Mwezi unatha, bala osapola. Ndinawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala.

Dokotala anali mnyamata wa kumpoto. Chichewa chake chinali chobwereka ngati changa ine Mlomwe, choncho tinamvana. Anawabaya chala, anayeza magazi, n'kundiitana.

“Bambo, amayiwa ali ndi shuga.”

“Shuga ali kunyumba m'chitini,” ndinatero. “Ine ndabwerera bala.”

Sanaseke. Anafotokoza kuti shugayo ali m'magazi, ndipo ndi amene akuletsa bala kupola. Akapitirira, phazi lidzawola, kenako maso adzafa. Anati mapiritsi atipatsa, koma mankhwala aakulu ndi chakudya. Anayamba kutchula: buledi wabulauni, mazira, mkaka, nsomba, zipatso za m'sitolo.

“Adokotala,” ndinamudula, “mukuyankhula ndi mlimi.”

Anaika cholembera pansi n'kufunsa zimene zili m'munda mwanga. Nditamuuza, anati zimenezo n'zokwanira. Ufa woyera tiusiye, tidye mgaiwa, mayi azidya mtanda wochepa koma ndiwo zamasamba zambiri. Nandolo ndi nyemba tisagulitse zonse. Mafuta ndi mchere pang'ono. Shuga ayi, zoziziritsa kukhosi ayi, thobwa lotsekemera ayi.

“Awonda ndithu,” anatero potsiriza. “Musaope. Kuwonda kumeneko n'kwabwino.”

Titafika kunyumba ndinasonkhanitsa onse pakhonde. Ndinati kuyambira lero mphika ndi umodzi. Miphika iwiri sitikanaikwanitsa. Komanso munthu wodya chake payekha, anzake akudya zoyera pamaso pake, amasanduka mlendo m'nyumba yake yomwe.

Mwana wanga anagwira pakamwa.

“Ababa, mgaiwa? Tapalamula chiyani? Umenewo amadya akaidi.”

“Ndiye kuyambira lero ndiwe mkaidi.”

“Anawa adya?”

“Akamva njala adya. Wosafuna akamange khitchini yake.”

Kuchigayo anakana kupita. Kumeneko anthu amayang'ana zimene watenga. Wobwera ndi mphale yoyera amaima chilili. Wobwera ndi chimanga chosakonola amaoneka kuti kwawo zavuta, akuwerengera ndi gaga yemwe. Ndinamanga thumba panjinga n'kupita ndekha, mwamuna mmodzi pakati pa amayi.

“Madala, tigaye chonchi?” anafunsa wa pachigayo. “Osakonola?”

“Gaya.”

Mayi wina wa pamzere anati, “Akapitawo, mwayamba liti kuweta nkhumba?” Onse anaseka.

“Zikanenepa ndidzakuitanani,” ndinatero, n'kunyamula ufa wanga.

Chimene sankadziwa n'chakuti thumba la mgaiwa limachedwa kutha. Palibe chopita kumphepo, palibe chotsalira m'madzi oviikira. Anadandaula ndi nkhuku zokha, chifukwa gaga anasowa. Ndalama ya shuga ndi mafuta inapita ku matemba a ku Chilwa, mwa apo ndi apo. Nandolo ndinasunga theka, ndipo zimenezo zinatipweteka: chaka chimenecho sindinagule malata amene ndinalonjeza, ndipo adzukulu anapita kusukulu ndi yunifomu yazigamba. Ogula a pa Migowi anati ndikubisa katundu kuti mtengo ukwere. Ndinawasiya anene.

Ndiwo tinabwerera kumene tinachokera. Chigwada, khwanya, nkhwani, bonongwe ndi chisoso chomera chokha m'mizere, zotendera nsinjiro m'malo mwa mafuta. Nthawi ya dzinja tinafutsa masamba ambiri kuti chilimwe chisatipeze manja ali m'khosi. Kalongonda, mtundu wa nyemba umene tinausiya chifukwa anthu a m'tauni amatiseka nawo ife Alomwe, anabwerera pamoto. Amadya nkhuni ndipo amafuna kutaya madzi kangapo, koma sagulidwa.

Mayi sanatsutse pa zonsezi. Chinawaliza ndi tiyi yekha.

“Bambo, awa ndi madzi otsukira poto.”

“Imwani.”

“Inu mukuti imwani chifukwa wanu ndi wotsekemera.”

Ndinawapatsa kapu yanga kuti alawe. Inali yowawa chimodzimodzi. Kuyambira tsiku la kuchipatala lija ine sindinathirenso shuga, ndipo mpaka lero sindithira.

Pofika mvula yotsatira bala linali litauma. Ludzu linachepa. Anayambanso kusoka okha. Adzukulu anazolowera mgaiwa, mpaka ankati ufa woyera wa kwa anzawo sukhalitsa m'mimba. Ndipo mayi anawonda, monga ananenera dokotala. Chitenje chinayamba kuzungulira mopitirira. Bulauzi yoyera ya kumvano inawakhuthukira m'mapewa.

Achinyamata a lero sangamvetse chimene kuwonda kunkatanthauza zaka zimenezo. Maliro anali ngati msika. Tinkachoka kumanda kuno, uthenga wa maliro ena uli kale panjira. Ankapita ndi anthu a mphamvu zawo, aphunzitsi, oyendetsa maminibasi, atsikana obwera kuchokera ku Blantyre. Onse ankayamba ndi kuwonda. Matendawo sitinkawatchula dzina. Tinkangoti kaliwondewonde, kapena matenda aja. Mkazi wa pabanja akayamba kuchepa thupi, maso ankatembenukira kwa mwamuna, makamaka mwamuna amene anakhalapo kutali pantchito ngati ine.

Nkhani zinatuluka ziwiri. Ena ankati kapitawo anabwera nazo kuchokera ku esiteti ya tiyi. Ena ankati ndi kuumira, akumana mkazi chakudya kuti asunge ndalama ya nandolo. Pamaliro amayi anzawo anayamba kuwauza kuti, “Khalani apo mupume, tiphika ndife.” Pa mjigo ankawapatsa mpata woti atunge msanga azipita. Wina ankadya nawo mbale imodzi kuyambira utsikana, koma tsopano ankati wakhuta kale.

Ndinafotokoza kamodzi, kwa mkulu wa mpingo, kuti ndi shuga. Anagwedeza mutu mwachifundo n'kunena kuti, “Inde, ambiri masiku ano akuti shuga.” Sindinabwerezenso kwa wina aliyense. Ine chinthu sindinena kawiri.

Lamulungu lina masana kunabwera achemwali awo awiri kudzazonda matenda. Anabwera mwa mwambo wake. Wodwala sumuyendera chimanjamanja, ndipo masiku amenewo ulemu waukulu unali botolo la zoziziritsa kukhosi ndi masikono. Amayi osauka amenewo anagulitsa nkhuku kuti agule zimenezo. Anakhala pamphasa, anamasula kansalu, mabotolo awiri n'kuima pamaso pa m'bale wawo. Ndinaona mmene mayi anawayang'anira.

“Izi zibwerere,” ndinatero.

Wamkulu anaseka, kuyesa nthabwala za pachilamu.

“Alamu, mukufuna timwetse inu? Dikirani mudwale kaye.”

“Ndati zibwerere. Mukafuna kubweretsa kanthu, bweretsani nandolo.”

“Nandolo? Munthu wafika mafupa okhaokha, ife tibwere ndi nandolo ngati tikupita kumsika? Asiyeni amwe, abwezeretse magazi.”

“Kwa iwowa chimenecho ndi poizoni.”

Ine ndinkanena za shuga wa m'botolo. Koma pamudzi mawu amenewo ali ndi tanthauzo limodzi lokha. Wonenedwa za poizoni ndi mfiti, ndi munthu wothira tameki m'chakudya cha mnzake.

Wamng'ono anaimirira.

“Ndiye ife tabwera kudzapha m'bale wathu? Wobadwa naye bere limodzi? Achemwali, mwamva zimene akunena amuna anuwa?”

Mayi anati, “Sakutanthauza choncho.”

“Abweze mawuwo.”

Sindinabweze. Anali oona. Anamanga mabotolo awo m'kansalu n'kutuluka akulira mokweza kuti mudzi wonse umve.

M'mawa mwake ndinaitanidwa kwa mlongo wawo wamkulu, mwinimbumba. Ndiye anali ndi mawu omaliza pa alongo ake ndi ana awo, ngakhale ana anga omwe. Tinali a msinkhu umodzi, ndipo tinkagwirizana. Tsiku limenelo sanandipatse mpando. Ndinakhala pa mtondo wogwetsa. Mayi anakhala pansi pakati pa achemwali awo.

“Alamu,” anayamba, “pamudzi pano munabwera ndi chiyani?”

“Manja awiri.”

“Ife tinakupatsani munthu wathupi lake. Tamuonani lero. Ngati munamutengera matenda, nenani, tidziwe cholira. Ngati mukumumana chakudya, nenaninso, nkhokwe zathu zilipo. Koma kutukwana alongo anga kuti ndi opha anthu, pa dothi la amayi awo, zimenezo ayi.”

“Dokotala anati shuga. Bala linapola. Liyang'aneni.”

“Bala lapola, munthu akutha. Mukuchiritsa phazi kapena munthu?”

Achemwali aja anavomereza ndi m'mphuno. Mlamu anagamula kuti mlongo wake akakhale kwa iye kufikira thupi litabwerera, ndipo ine ndisapondeko.

Ndinati afunsidwe mwini wake. Ndinali wotsimikiza za yankho. Mayi anatokosa pansi ndi kamtengo.

“Ndipita, bambo,” anatero.

“Mukudziwa zimene akakudyetseni.”

“Ndikudziwa. Koma ndatopa ndi maso a anthu. Inu mukapita kumunda mumakhala nokha ndi khasu lanu. Ine ndimapita pa mjigo. Ndimapita kumvano. Mdzukulu wathu anzake akumuuza kuti agogo ako ali m'njira. Ndinenepe pang'ono, atseke pakamwa, ndibwerera.”

“Phazi lanu.”

“Ndi langa, bambo.”

Nyumba ya mlamu wanga inali tsidya la njira, moti utsi wa kukhitchini kwake ndinkauona ndili pakhonde panga. Anawasamalira ndi mtima wonse, zimenezo sindingakane. Phala la ufa woyera lothira shuga m'mawa. Tiyi wamkaka ndi mandasi. Thobwa masana. Achemwali ankasinthana kuphika, ndipo anawononga zambiri zimene iwo eni analibe. Kwathu mphika unakhalabe wa mgaiwa. Mwana wanga anafunsa ngati tingakonoleko tsopano poti odwala kulibe. Ndinati abwerera, ndipo adzapeza nyumba ili mmene anaisiyira.

Mwana wangayo ndiye ankawoloka njira n'kumandiuza. Poyamba ankabwera akumwetulira. Masaya abwerera. Kutchalitchi anthu awagwira chanza. Mayi uja wa mbale imodzi wabwera kudzacheza. Kenako anayamba kubwera wosanena zambiri. Ndikafunsa ankati ali bwino, koma akumwa madzi kwambiri. Chipsera cha bala lija chinatseguka, ndipo anachibisa kwa ine. Ankachitsuka ndi madzi a mchere n'kumangapo masamba. Ankaopa kuti ndikamva ndidzati ndinanena.

Tsiku lina ndikupalira, anabwera kumunda akuthamanga, wopanda mpango kumutu.

“Ababa, phazi la amayi lada. Sakutizindikiranso bwino.”

Ndinasiya khasu pomwepo. Kwa mlamu ndinalowa wopanda odi. Fungo linandilandira pakhomo. Palibe anandiletsa. Tinawakhazika panjinga, koma sakanatha kudzigwira, choncho ine ndinagwira chiwongolero ndi phewa lawo limodzi, mlamu anagwira linalo, n'kumakankha wapansi mpaka kumsewu kumene tinapeza galimoto.

Dokotala uja anamasula nsanza, anayang'ana, n'kutitulutsa panja tonse awiri. Anati phazi lafa ndipo kuwola kukukwera. Akalisiya, munthu apita. Adula pansi pa bondo. Anafunsa kuti asayine ndani. Mlamu anayang'ana ine. Ndinasayina.

Atatsitsimuka patapita masiku, mayi anapempha chinthu chimodzi. Anati ayezedwenso magazi, a matenda aja, ndipo zotsatira zake zinenedwe mlongo wawo ali pomwepo. Ine sindinapemphe zimenezo. Kumene ndinayenda ndinkakudziwa ndekha. Koma iwo anaumirira, ndipo anayezedwa. Analibe. Mlamu anamva ndi makutu ake, anatuluka, n'kukakhala pansi pa mtengo kunja kwa wodi mpaka dzuwa kupendeka.

Achipatala anatifunsa ngati mwendowo titenge kapena autenthe okha. Mlamu anati ndi thupi la mbumba yake, likagone kwawo. Anatipatsa utakulungidwa bwino. Tinapita nawo awiri kumanda a kumudzi, m'mphepete, pafupi ndi pamene anagona amayi awo. Tinakumba mosinthana khasu limodzi. Panalibe nyimbo, panalibe mlaliki. Mwambo wa maliro a mwendo palibe ankaudziwa.

Titakwirira, mlamu anatsamira khasu.

“Alamu, ife tinkamudyetsa chifukwa chomukonda.”

“Ndikudziwa.”

“Tikanadziwa…”

“Munauzidwa.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti akwiya, koma anangopukusa mutu.

“Inu ndinu munthu wouma, alamu. Chilungamo chanu chilibe msuzi. Mukanabwera kwa ine poyamba paja, n'kukhala pansi, n'kunditenga kupita nane kwa dokotalayo, bwenzi lero tikukumba mbatata.”

Iye ali ndi mawu ake, ine ndili ndi anga. Tinatsuka khasu kumtsinje n'kubwerera.

Mayi anatuluka m'chipatala ndi ndodo ziwiri za m'khwapa. Pa mphambano ya njira, pakati pa nyumba ya mlongo wawo ndi yanga, palibe anawafunsa. Anakhotera okha kwathu.

Kuyambira pamenepo mudzi unakhulupirira kuti ndi shuga. Mawu anga sunawamve, koma mwendo wosowawo unauona. Mayi anawondanso, kuposa poyamba, ndipo palibe ananong'ona. Kumunda sanapitenso. Ankakhala pamphasa pakhomo la khitchini, akusadzula masamba ndi kusinja nsinjiro, ndipo ulamuliro wa mphika anautenga okha. Anali okhwima kuposa ine. Mchere ankayeza ndi zala zawo. Mwana wathu akathira mafuta mobisa, ankadziwa ndi fungo. Achemwali awo akayamba kudandaula za ludzu kapena chizungulire, ankawatuma kuchipatala tsiku lomwelo, akuwaloza ndi ndodo.

Za masiku a kwa mlongo wawo sitinakambiranepo. Tsiku lina lokha, ndikuwathandiza kusamba, anati, “Bambo, ndinanenepa bwino komwe kuja, eti?”

“Munanenepa.”

“Anthu anandigwira chanza.”

“Anakugwirani.”

“Chinali chanza chodula,” anatero, n'kupempha sopo.

Anakhala nafe zaka zambiri pambuyo pake. Anaona mdzukulu wamkulu akukwatiwa, ananyamula mwana wake. Chinawatenga ndi chibayo, nyengo yozizira. Amayi osambitsa maliro atamaliza ntchito yawo, ndinapempha kulowa. Ndinavundukula nsalu kumapazi. Mwendo wotsalawo unali wathunthu, zala zonse zisanu, wopanda bala ngakhale limodzi. Ndinafunditsanso, n'kuwauza kuti atseke bokosi.